Laputopu ya mwana wa chaka choyamba cha programming: tigule yodula, yakale, kapena tidikire?

Amayi a Tadala: Moni abale pagulu pano. Mwana wanga wasankhidwa ku MUBAS ndipo akukayamba kosi ya programming. Akuti ndimugulire laputopu ya Core i7 yokhala ndi graphics card, zija amati za gaming. Mtengo wake ndi woti ndigulitse soya yense wa chaka chino. Kodi n'zofunikadi?

Aphunzitsi a ICT: Amayi, soyayo musamugwire. Chaka choyamba amaphunzira zoyambira: variables, loops, if ndi else, functions, kaya mu Python, C++ kapena Java. Mapulogalamu amene azilemba ndi aafupi, monga owerengera avareji ya malikisi kapena kusanja manambala. Graphics card ilibe ntchito pamenepo. Ndipo Python, VS Code ndi Code::Blocks, zomwe amagwiritsa ntchito polemba mapulogalamu, zonse n'zaulere pa intaneti.

Achimwene a ku Zomba: Ine ndikuti musagule kaye chilichonse. Pasukulu pali labu ya makompyuta, komanso pafoni ya Android akhoza kuika Pydroid 3 n'kumayeserera Python. Ayambe waona ngati kosiyo akuikonda.

Mlongo wa Fourth Year: Achimwene, pamenepo ndikukana. Labu imadzaza tsiku lopereka ntchito likayandikira, ndipo programming simungaiphunzire kawiri pa sabata ayi. Imafuna kukhala nayo usiku, error ikukukanira, mpaka upeze kuti unaiwala colon kumapeto kwa mzere. Pafoni mipata ya kumayambiriro kwa mzere imasokonekera msanga, pomwe mu Python mpata umodzi wolakwika pulogalamu siyenda. Foni ndi yothandizira chabe. Laputopu agule, koma osati ya gaming. Zimenezo n'zolemera m'chikwama ndipo batire silichedwa kutha.

Amayi a Tadala: Nanga zatsopano zotchipa zija ndinaziona m'shopu, zolembedwa Celeron?

Aphunzitsi a ICT: Zimenezo ndiye muzipewe kwambiri. Zambiri zimakhala ndi RAM (memory imene mapulogalamu otsegulidwa amagwiritsa ntchito) ya 4GB, zina simungaonjezere n'komwe. Akangotsegula VS Code, Chrome ndi manotsi a PDF nthawi imodzi, imayamba kuima. Bola yogwiritsidwa kale ntchito m'maofesi, monga Lenovo ThinkPad T480, HP EliteBook 840 G5 kapena Dell Latitude 7490. Ikhale Core i5, RAM 8GB, SSD (mosungira mafayilo) 256GB. Onetsetsani kuti purosesa yake ya Core i5 ndi ya 8th generation (m'badwo wachisanu ndi chitatu) kupita m'tsogolo, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna purosesa yoyambira pamenepo.

Bambo a Chisomo: Zakalezi ine ndimaziopa. Ndinagulira mwana wanga ina, batire linkatha asanamalize ngakhale kalasi imodzi. Magetsi akazima, basi ntchito yaima. Yatsopano ili ndi waranti.

Mlongo wa Fourth Year: Bambo, nkhawa yanu ndi yoona, n'chifukwa chake sitigula osayesa. Amayi, mupite ndi Tadalayo. Azule chaja, atsegule Command Prompt, alembe powercfg /batteryreport. Pabwera dzina la fayilo ya lipoti; akaitsegula aona design capacity (moto umene batire linkasunga lili latsopano) ndi full charge capacity (umene likusunga panopa). Yachiwiriyo ikakhala pafupi theka la yoyambayo, batire latha, apemphe lina kapena atsitse mtengo. Ayesenso batani lililonse pa kiyibodi, makamaka a mabulaketi ndi semicolon, chifukwa amenewo ndiye adzawadina tsiku lililonse. Wi-Fi ndi madoko a USB asaiwale.

Achimwene a ku Zomba: Chabwino, ndagonja pa za foni. Koma wogulitsa alembe lisiti yokhala ndi serial number komanso masiku obwezera ikavuta. Akakana kulemba, chokanipo.

Bambo a Chisomo: Nanga akadzafika zaka zakutsogolo, 8GB idzakwana?

Aphunzitsi a ICT: Akadzayamba Android Studio, pulogalamu yopangira ma app a foni, adzafuna 16GB. Ubwino wa T480 ndi wakuti ili ndi malo awiri a RAM, mumangogula ina n'kubaya. Ndalama yotsalayo, amayi, musungireko mabandulo ndi flash yosungira ntchito zake.

Amayi a Tadala: Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Loweruka tikayang'ana ThinkPad imeneyo ku Limbe. Achemwali, munditumizire ku inbox mawu a batire aja kuti Tadala akawalembe molondola.