Ulendo wa ku Great Zimbabwe: tipite mu Epulo, mu Ogasiti kapena mu Disembala?

Mphunzitsi wa ku Dedza

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mudafikako ku Great Zimbabwe, kufupi ndi mzinda wa Masvingo m'dziko la Zimbabwe. Ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale, ndipo chaka ndi chaka ndimauza ana za malinga a miyala amene adamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1400 popanda dothi lomatira, koma ine mwini ndimangowaona pa zithunzi za m'mabuku. Tagwirizana ndi akunyumba kuti tipite, ndipo bambo anga, amene adagwirako ntchito m'minda ya fodya m'dzikolo ali mnyamata, akuti sangatsale ngakhale kuti mawondo amawavuta. Popeza ndingachoke pokhapokha sukulu zitatsekera, ndili ndi nyengo zitatu zokha zosankhapo: tchuthi cha Pasaka, tchuthi chachitali cha mu Ogasiti, ndi cha Khirisimasi. Tidzayenda pa basi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Kodi ndi nyengo iti imene ingatilole kuona malowo bwino, osawazunza achikulirewa?

Mayi wa ku Masvingo

Aphunzitsi, makolo anga adachokera ku Ntcheu koma ine ndidabadwira kuno, ndipo malowo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni. Ndikanakhala inu ndikanasankha Ogasiti, ndipo chifukwa chachikulu ndi phiri. Anthu ambiri akamva za Great Zimbabwe amaganiza za linga lalikulu la m'chigwa, lija lozungulira mamita pafupifupi 250 ndi lotalika mpaka mamita 11, limene mkati mwake muli nsanja yosongoka ija. Kumeneko ngakhale agogo atha kuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo. Koma chigawo chakale kwambiri chili pamwamba pa phiri, mamita pafupifupi 80 kuchokera m'chigwa, ndipo njira yamakedzana yokwerera imadutsa m'mipata ya matanthwe yopapatiza kotero kuti anthu amayenda mmodzimmodzi, ena chammbali. Masitepe ake ndi a mwala wosalala chifukwa chopondedwa zaka mazana ambiri. Mvula ikangowaza, mwalawo umaterera kwambiri, ndipo mu Disembala mvula ya mabingu imakonda kubwera masana mosachenjeza, pamene pamwamba pa thanthwe si malo oti mphenzi ikupezerenipo munthu.

Mu Ogasiti miyala imakhala youma, udzu umakhala utafota kotero kuti zipupa zing'onozing'ono za m'chigwa zimaoneka bwino, ndipo dzuwa silinayambe kupsereza monga limachitira mu Okutobala. Kummawa kumazizira ndithu, pakuti dera lino ndi lokwera mamita oposa 1,000, choncho bambo muwatengere jekete lolemera ndi chipewa. Dziwaninso kuti m'nyengo yachisanu mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa nthawi zina imabweretsa nkhungu ndi mvula yowazawaza imene kuno timaitcha guti, yofanana ndi chiperoni cha ku Mulanje ndi Thyolo, ndipo imatha kuphimba phiri tsiku lathunthu kapena kuposa. Musakonze ulendo wofika kummawa n'kubwerera madzulo, koma mugone masiku awiri kuti tsiku lina likakana, linalo likulandireni.

Mupewe sabata yachiwiri ya mweziwo. Lolemba lachiwiri la Ogasiti ndi Heroes' Day, tsiku lotsatira ndi Defence Forces Day, ndipo sukulu za kuno zimakhalanso pa tchuthi, choncho mabanja amadzaza malowo komanso malo ogona a m'mbali mwa nyanja ya Mutirikwi. Chakumapeto kwa mweziwo anthu amachepa, ndipo mitengo ya msasa imayamba kuphuka masamba ofiira amene amakongoletsa mapiri onse ozungulira.

Dalaivala wa mathiraki, Blantyre

Ine za miyala sindinenapo zambiri, koma msewu umene mukufuna kudzera ndi umene ndimadyerapo. Disembala muichotseretu pa mndandanda wanu, aphunzitsi. M'masabata oyandikira Khirisimasi anthu ogwira ntchito ku South Africa amakhala akubwerera kwawo ndi katundu wodzaza ngolo, ndipo msewu wa Beitbridge kupita ku Harare, umene umadutsa pa Masvingo penipeni, umakhala wothinana usana ndi usiku. Pa zipata za Nyamapanda ndi Mwanza mizere imatalika, mabasi amakweza mitengo, ndipo munthu wachikulire amayenera kutsika ndi kuima pa mzere kanayi konse, chifukwa malire ndi awiri ndipo pa malire alionse pali maofesi a mayiko awiri. Onjezeranipo kutentha kwa chigwa cha Zambezi pa Tete, kumene kuyambira Okutobala mpaka Disembala basi ikaima anthu amasowa mpweya. Mu Ogasiti chigwacho chimapiririka. Kuchokera ku Harare mudzakhala ndi makilomita ena pafupifupi 290 kuti mufike ku Masvingo, choncho bambo muwalole agone ku Harare m'malo mowalumikizira mabasi awiri tsiku limodzi.

Wojambula zithunzi wa ku Zomba

Ndikugwirizana ndi onse pa za Disembala, koma pa za Ogasiti ndikusiyana pang'ono ndi mayi a ku Masvingo, makamaka poganizira kuti aphunzitsiwa adzafuna zithunzi zokaonetsa ana m'kalasi. Chakumapeto kwa Ogasiti moto wolusa umakhala utayamba m'tchire, mphepo imanyamula fumbi, ndipo ukaima pamwamba pa phiri kuyang'ana linga lalikulu, umaliona ngati kudzera m'nsalu yotuwa. Miyala ndi yotuwa, udzu wouma ndi wotuwa, thambo nalo n'lotuwa, ndiye chithunzi chimatuluka chopanda moyo. Mu Epulo mvula imakhala ikusiya, mpweya ndi woyera moti nyanja ya Mutirikwi imaoneka patali, ndipo makoma amaonekera bwino pakati pa msipu wobiriwira. Kwa mphunzitsi wa mbiri, msipu umenewu ndi phunziro pawokha, chifukwa chuma cha olamulira mzinda wakale wa Great Zimbabwe chidatsamira pa ng'ombe pamodzi ndi malonda a golide ndi minyanga opita kugombe la Sofala, ndipo mwana amamvetsa msanga chifukwa chimene anthu adasankhira malowo akaona dziko lili lobiriwira. Vuto la Epulo ndi udzu wautali ndi nkhupakupa, komanso kuti Pasaka akagwa kumapeto kwa Malichi mvula imakhala isanathe.

Mayi wa ku Masvingo

Achimwene a ku Zomba akunena zoona za utsi, ngakhale kuti umafika poipa mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo mmawa kwambiri mpweya umakhalabe woyera. Aphunzitsi akanakhala kuti akupita okha ndikanavomera Epulo, koma mawondo a bambo ndiwo akulamula pano. Nyengo iliyonse imene musankhe, muyambire ku phiri zipata zikangotsegulidwa, ndipo bambo muwadutsitse njira yatsopano, imene ndi yotalikirapo koma yosatsetsereka kwambiri. Dzuwa likafika paliwombo mulowe m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, mmene muli mbalame zosema pa mwala zija, zimene chithunzi cha imodzi mwa izo chili pa mbendera ya dziko lino, komanso mikanda ndi zigoba za mbale zochokera ku China ndi Persia. Linga lalikulu mulisiyire chakumadzulo. Chakudya musachiike poyera, pakuti apusi a kumeneko adazolowera kutsomphola m'manja mwa alendo.

Mphunzitsi wa ku Dedza

Zikomo kwambiri nonse. Tasankha sabata yachitatu ya Ogasiti, maholide a kumeneko atadutsa koma utsi usanachuluke, ndipo tidzagona ku Harare popita ndi pobwera monga mwa uphungu wa adalaivala. Mayi a ku Masvingo, ndifunsenso chimodzi: kodi m'njira yatsopanoyo muli malo amthunzi oti bambo angakhale pansi n'kupuma, kapena tiwatengere kampando kopinda?