Mzinga wa Umkhonto umafika makilomita 12 okha: kodi ungatetezedi sitima?

Mphunzitsi wa ku Santhe, Kasungu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndawerenga kuti sitima zinayi zankhondo za ku South Africa, zomwe ndi SAS Amatola, Isandlwana, Spioenkop ndi Mendi, zimanyamula mzinga wogwetsera ndege wotchedwa Umkhonto, womwe mtundu wake woyamba umafika pa makilomita 12. Popeza ndege zankhondo zimaponya mizinga yawo zili kutali kuposa apo, phindu la chida chimenechi lagona pati? Wophunzira wanga wa Fomu 4 anandifunsa zimenezi tikuphunzira za liwiro, ndipo ndinamulonjeza yankho.

Bambo Phiri a ku Mkanda, Mchinji:
Aphunzitsi, dzina lenilenilo likhoza kukuunikirani, chifukwa umkhonto ndi mkondo m'chinenero chathu, ndipo mkondo sulasa munthu ali kutsidya kwa phiri. Ndili pa ntchito ku Cape Town ndinaiona imodzi mwa sitimazi itakocheza pa doko la Simon's Town. Kutsogolo kwake, kumbuyo kwa mfuti yaikulu, kuli zivundikiro zathyathyathya zomwe munthu angaziyese zitseko za nkhokwe, koma pansi pake ndi pomwe mizinga imakhala choimirira. Mzinga uliwonse, womwe unapangidwa ndi kampani ya Denel Dynamics, ndi wotalika mamita oposa atatu pang'ono, umalemera pafupifupi makilogalamu 130, ndipo bomba lake ndi la makilogalamu 23. Umatuluka cholunjika kumwamba kenako n'kukhotera komwe kuli mdani, motero sitima siyenera kutembenuka kaye, kaya chiopsezo chachokera kutsogolo kapena kumbuyo.

Nabanda wa pa Kamwendo:
Bambo Phiri afotokoza bwino maonekedwe, koma gwero la funso lanu lili pa mfundo yoti dziko ndi lobulungira ngati mpira. Mzinga woombera sitima, monga Exocet yomwe inapha anthu 20 pa sitima ya Britain ya HMS Sheffield pa 4 May 1982 pa nkhondo ya ku Falklands, umauluka chokwawa pamwamba pa mafunde, ndipo radar ya sitima, chida choonera zinthu zili kutali, siuona mpaka utatulukira kumalekezero kwa nyanja. Pamenepo chofunika si kufika kutali, koma changu. Exocet imayenda pafupifupi mamita 300 pa sekondi, kutanthauza kuti makilomita 12 imawamaliza m'masekondi 40, ndipo masamu amenewa wophunzira wanuyo akhoza kuwachita yekha pa bolodi.

Umkhonto umathamanga kuwirikiza kawiri liwiro la mawu. Ukangotuluka, sitima imautumizira uthenga wa komwe chandamale chili, ndipo ukayandikira umatsegula diso lake lotsata kutentha n'kumaliza ulendo wokha, kotero kuti mizinga ingapo ikhoza kutsata adani osiyanasiyana nthawi imodzi. Mu 2005 SAS Amatola inauyesa pouponyera kandege koyeserera kotchedwa Skua, ndipo zinayenda bwino.

Bambo Phiri a ku Mkanda, Mchinji:
Zoonadi mayi, koma tisabise chofooka chake: diso lotsata kutentha limavutika m'mitambo yochindikala ndi m'chifunga, ndipo nkhawa ya aphunzitsi ndi yomveka, pakuti ndege yoponya ili kutali imabwerera kwawo osakhudzidwa. Ndi chifukwa chake sitima za Britain za Type 45 zimanyamula mzinga wa Aster 30 wofika makilomita oposa 100. Komabe Finland ndi Algeria anagula Umkhonto, ndipo ine zimandinyaditsa kuti chida chopangidwa kuno kummwera kwa Africa chikulondera nyanja ya Baltic, komwe kuli Finland.