Akuluakulu odziwa za mfuti ndithandizeni, nditenge mfuti ya zipolopolo za saizi iti, .308 kapena .30-06?

Ndili ku Chilomoni kuno koma munda wanga uli kumudzi, chaka chino nguluwe zandimaliza chimanga, mmawa ukapita umangopeza mapesi ali gone ndi mapazi awo basi. Ndiye ndayamba zofunsira laisensi ya mfuti kupolisi, ndikufuna zonse ziyende mwalamulo.

Vuto ndi loti aliyense akundiuza zake. Mnzanga wina anali msilikali akuti tenga .308 Winchester poti ndi mphwake wa 7.62x51 ija ya NATO (mgwirizano wa asilikali a mayiko a ku Ulaya ndi America), akuti kukula kwake nkofanana ndipo sigunda phewa kwambiri. Malume anga akuti ayi .30-06 ndiye yeniyeni, asilikali a ku America anayamba nayo 1906 ndipo ili ndi mphamvu kuposa. Agogo ankangotamanda .303 Lee-Enfield yomwe ankanyamula ku KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda), mpaka kumwalira nkhani inali yomweyo.

Ine za AK-47 sindikuzifuna, ija ndi 7.62x39 komanso ndi ya asilikali, ine ndikufuna ya bolt action yoti ukawombera kamodzi umakoka kaye. Komanso .223 ija akuti ndi yofanana ndi 5.56 ya asilikali, kodi siichepa pa nguluwe yaikulu? Sindikufuna kungoivulaza nkuthawa ikuvutika mthengo.

Ndiye alenje amene muli ndi laisensi, zipolopolo za mfuti zimenezi zomwe zimapezeka mosavuta kuno ku Blantyre ndi ziti, ndipo nzoona kuti za 7.62x51 ungaziike mu .308 osavuta kapena mnzangayu akungondinamiza?