Kamwana ka hatchi kakukana chingwe, nditani?

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Kuno ku Senga Bay ndikusunga kamwana ka hatchi ka miyezi 10, komwe mwini wake anakasiya kataonda, nthiti zili pamtunda. Kudya kayamba: udzu wouma ndi madeya pang'ono chabe, poopa kukatupitsa m'mimba.

Vuto ndi chingwe. Ndikangochitulutsa, makutu amagonera kumbuyo, kenako kamatembenuka n'kuponya mateche. Dzulo kanatsala pang'ono kundithyola bondo. Pakhosi pali chipsera, ndiye ndikuganiza kuti kankamangidwa mwankhanza. Zokakwera ndilibe nazo changu, ndidikira kafike zaka 3 msana ukhwime. Kodi ndikazoloweretse bwanji chingwechi osakaopseza?

China, nkhupakupa zachuluka. Dibi wa ng'ombe wokhala ndi amitraz ndi poizoni kwa hatchi, nanga inu mumapopera mankhwala anji?