Zowonjezera pa funso la ma dolphin ndi mashaki

Sabata yatha ana a Sitandade 7 kuno ku Mchinji anandifunsa kuti ma dolphin (nyama zoyamwitsa za m'nyanja zamchere zooneka ngati nsomba) amadziteteza bwanji kwa mashaki (nsomba zikuluzikulu zolusa). Ndinawayankha kuti amayenda m'magulu, ana awo ali pakati. Aphunzitsi anzanga, mukamafotokoza muwonjezere izi.

Dolphin akamagona, mbali imodzi yokha ya ubongo ndiyo imapuma, inayo ili maso, diso limodzi lili chitsegulire. Zimenezi zandigwira mtima kwambiri. Amatulutsanso timawu timene tikagunda chinthu timabwerera, choncho amazindikira mdani ngakhale madzi ali bii. Zikafika povuta, amagunda shaki pamimba ndi mlomo wake wolimbawo.

Ku Shark Bay, ku Australia, mashaki akachuluka m'miyezi yotentha, ma dolphin amapewa madzi osaya, ngakhale nsomba zili mbwee kumeneko.