Kodi "inde" wa mantha ndi kuvomera?

Amayi anzanga a kuno ku Chipata, ndithandizeni nzeru. Ndinakulira pakhomo pomwe atate akakwiya ndinkathamangira kuwasangalatsa kuti mkwapulo usandipeze. Khalidwe limenelo landitsata mpaka m'banja. Amuna anga akafuna zakuchipinda ndimangovomera ndikumwetulira, koma mtima ukukana, thupi lili gwa. Sanandimenyepo ayi. Kungoti akasintha nkhope, pakamwa pamavomera ndisanaganize n'komwe, kenako ndimakalira ndekha kubafa.

Alangizi anandiuza kuti mwamuna sakanizidwa. Nanga "inde" wotuluka ndi mantha chonchi ndi chilolezo? Ndiwauze bwanji bambo a ana popanda kuutsa mkangano? Ndipo amene munapitako ku One Stop Centre (malo othandizira anthu ochitiridwa nkhanza) ya pa Chipata Central Hospital, kodi aphungu amamvetsera munthu wopanda mabala ngati ine?