Potassium wa 8 mpaka 9 kuchokera ku wodi imodzi, QC (kuyesa ngati makina a labu akuwerenga molondola) ili bwinobwino, thandizani

WaShifitiYaUsiku:
Akuluakulu ndatopa nazo. Sabata yachiwiri ino ma U&E (kuyeza urea ndi michere ya m'magazi monga sodium ndi potassium) ochokera ku wodi imodzi yokha akutulutsa potassium wa 7.8, 8.4, dzulo mpaka 9.1. Ma control onse awiri (ma sample oyesera makina) ali mkati mwa malire, calibration (kuchuna makina) ndinapanga Lolemba, electrode yoyezera potassium ndi yatsopano. Ma sample a ku OPD pa makina omwewo akutuluka bwino. Tikaitanitsa magazi ena masana, wodwala yemweyo 4.2, wabwinobwino. Adokotala akuti labu ikunama, abwana akuti ndionenso makina. Ndionenso chani pamenepa? Zikuchitika kwambiri pa magazi otengedwa usiku. Serum (madzi otsala magazi akaundana) ndi yoyera, siyofiira ayi.

MdalaWaChem:
Haemolysis imeneyo mwanawe, kusweka kwa maselo ofiira a magazi. Amatenga ndi syringe kenako nkukankhira magazi m'kabotolo singano ili pomwepo. Maselo ofiira akasweka, potassium wa mkati mwake, amene amachuluka kuposa ka 20 poyerekeza ndi wa mu plasma (madzi a magazi osaundana), amatayikira mu serum. Osavutika ndi zina.

WaShifitiYaUsiku:
Bambo ndanena kuti serum ndi yoyera mbee. Index yake, nambala yosonyeza haemolysis, ndi 0.

MayiPipette:
Achimwene, calcium ndi ALP (enzyme imene timayeza m'magazi) pa ma sample amenewo zikutuluka bwanji? Mukapeza calcium wagwa pansi zosamveka, ALP nayonso yatsika, potassium ali kumwamba, ameneyo ndi EDTA, mankhwala oletsa magazi kuundana. M'kabotolo ka chitsekerero cha purple muli K2 kapena K3 EDTA, ndiye kuti potassium ali momwemo kale, komanso EDTA amagwira calcium. Ine ndinaona ndi maso anga kwina komwe ndinkagwira. Mtsempha wavuta, namwino wapeza magazi ochepa, wathira onse mu ka purple, wakumbukira kuti palinso U&E, watsegula nkupungulira theka mu ka red. Sanali kubisa ayi, ankaona ngati akuchitira wodwala chifundo kuti asamubaye kawiri. Ngakhale kungosokoneza order of draw, ndondomeko yodzazira timabotolo, purple kuyamba red asanadzaze, kungathe kubweretsa zomwezo. Kabotolo ka EDTA kamabwera pambuyo pa ka serum ndi ka heparin, tisanafike pa ka fluoride.

MdalaWaChem:
Zaka zonse ndagwira ntchitozi, potassium wokwera wabodza amakhala haemolysis basi. Yochepa siioneka ndi maso.

MayiPipette:
Yosaoneka ndi maso siingakweze 4 kufika 9 bambo. Ndipo akuti index ndi 0.

Tekinishani_K:
Mawu akuti usiku ndi amene andigwira. Magazi akatengedwa cha m'ma 11 usiku amafika kwa inu nthawi yanji? Funsani komwe amagona. Anthu ambiri a ku wodi amaganiza kuti firiji imasunga chilichonse, ndiye amaika timabotolo momwemo mpaka wonyamula abwere m'mawa. Magazi osapatula serum ndi maselo akazizira, pampu ya sodium ndi potassium ya maselo imafooka, potassium nkumatuluka pang'onopang'ono, serum nkukhalabe yoyera. Serum imayenera kupatulidwa pasanathe maola 2. Onani ngati pa fomu amalemba nthawi yotengera. Ndikukayika, nthawi zambiri mpata umenewo umabwera wopanda kanthu.

Namfuko_Labu:
Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Musazolowere kunena kuti za ku wodi imeneyo ndi zabodza. Ife tinazolowera choncho. Tsiku lina kunatuluka 7.6, mnzathu anangolemba kuti abweretse ena nkupitiriza ntchito, osaimba foni. Unali weniweni, impso za munthuyo zinali zitasiya kugwira. Mwamwayi dokotala anaona pa ECG, makina oyeza kagundidwe ka mtima. Critical ndi critical, nambala ikakhala yoopsa moyo imbani foni, nenani kuti mukukayikira sample, lembani dzina la amene mwamuuza ndi nthawi. Ndipo osakonza nambala ndi mutu, ati kuchotserako chifukwa cha haemolysis. Palibe zimenezo.

MdalaWaChem:
Pitani ku wodi mukaone mmene amagwiritsira syringe, mudzabwera kudzandiuza. Tourniquet, lamba wa pa mkono potenga magazi, amamanga mpaka mkono kuda, pamene siyenera kupitirira mphindi imodzi, uku akumuuza wodwala kuti azifumbata ndi kufumbatula dzanja.

Tekinishani_K:
Kufumbata dzanjako kumakweza potassium zoona, koma amachokera mu minofu, si haemolysis mdala.

ChemwaliWaHaema:
Onaninso FBC (kuwerenga maselo a magazi) ya odwalawo. Ma platelet, tizidutswa tothandiza magazi kuundana, akachuluka kwambiri amatulutsa potassium magazi akamaundana, serum imakwera pamene plasma ya m'kabotolo ka heparin, momwe magazi saundana, ili bwino. Koma odwala ambiri wodi imodzi, ndikukayika. Ine changa ndi ma label. Sabata yatha timabotolo titatu tabwera topanda dzina, mafomu atakulungidwa pamodzi ndi labala, wonyamula akuti ndikudziwa aka ndi ka bedi yachiwiri. Ndinakana tonse. Anandinena mpaka kwa abwana, koma wina alandire magazi pa crossmatch (kuyeza ngati magazi akugwirizana) ya munthu wina kenako ine ndikayankhe? Kabotolo kalembedwe pambali pa wodwala, osati pa tebulo la anamwino.

Namfuko_Labu:
Ndi aja otenga pa mkono wa dripu. Magazi asakanikirana ndi madzi a dripu, glucose 40, sodium pansi, munthu ali phee akucheza ndi abale ake.

MayiPipette:
A WaShifitiYaUsiku, calcium uja munaona?